Ufa wa Pamtsuko wa Abambo

Zuni, 9 Novembala

Okondedwa achimwene a Delbert,

Ndikhulupirira muli bwino ku Phoenix kumeneko. Kuno kwayamba kuzizira, nkhosa zili bwino, ndipo amayi akupereka moni.

Achimwene, muonemo bwino m'bokosi la tinyama tamiyala lomwe ndinakutumizirani kuti mugulitse. Ndinasokoneza, ndinaikamo chimbalangondo chakale cha malemu abambo, chija chimakhala mumtsuko wobooka pambali, chomangiriridwa nsonga ya muvi kumsana. Mukudziwa kuti chimenecho si chamalonda. Chonde musandiuze kuti chapita ndi alendo.

Amayi sindinawauze. M'mawa uliwonse amathirabe ufa wachimanga pabowo la mtsukowo, monga ankachitira abambo. Pofika masana ufa umakhala utatha. Ndinkati ndi mbewa, ndiye ndinawaza phulusa mozungulira, koma palibe kaphazi ndi kamodzi komwe.

Dzulo amayi anati, "Iwe Verna, masiku ano chikudya kwambiri. Ndachimvanso chikupuma ngati mmene ankapumira abambo ako." Ine sindinasuzumiremo, ndipo sindisuzumiramo.

Chifuneni msanga, muchidyetse. Koma musanachitumize mundiuze: tidzachiika pati, poti mumtsukomo muli kale wina?

Ndine mlongo wanu,
Verna