Mankhwala a m'maso ndikudzithira ndekha

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo bondo lija lasiya kukuvutitsani. Kuno ana ali bwino, wamng'onoyu wamera dzino lina.

Munafunsa za opaleshoni ya maso ija, ya leza. Kuona kokha ndikuona, magalasi ndinawasiya, ulusi ndikulowetsa pasingano osaphonya. Koma maso akuuma, Azakhali. Ndikasoka kwa kanthawi, amakhala ngati wina wathiramo mchenga. Fani ya m'shopu ndinazimitsa chifukwa mphepo imawaumitsa kwambiri, moti anzanga akundiyang'ana cham'mbali, thukuta lili kamukamu. Adokotala akuti ndiziphethira pafupipafupi. Ukulu wonsewu kuphunzira kuphethira! Ndatopa nazo.

Anandipatsa mankhwala odonthezera m'maso. Mantha anga mumawadziwa, kabotolo kakangoyandikira ndimatsinzina. Ndiye ankandithira ndi bambo a anawa, dzanja lina atandigwira chibwano, uku akundiseka.

Masiku ano ndikuphunzira kudzithira ndekha. Ambiri amathera patsaya, koma ndizolowera. Ana akafunsa komwe kuli bambo awo, ndimangoti ntchito yawachulukira.

Amayi musawauze kaye.

Ndine mwana wanu,
telala uja