Kampira ka pa Nsonga ya Chitenje

Lolemba, 7 Okutobala

Akulemba ndi apongozi anga a Magdalene, akazi a mwana wanga, poti ine sukulu ndinalekeza Sitandade 2 ndipo maso anachita nkhungu. Ndawauza alembe monga ndanenera, osakometsera.

Lero mtima unatsala pang'ono kuima. Ndalowa m'galaja, ndangoona miyendo ya mwana wanga Lyson itatulukira pansi pa chipikapu chake chakale chija, pambali pake chithaphwi chofiira. Ndinangopezeka ndakhala pansi. Iye n'kusuzumira: "Amayi, ndi oilo wa giyabokosi uyu, amakhala wofiira choncho." Oilo wanji wonga magazi a mbuzi? Mlongo wanga anafera pansi pa lole ku Kanengo jeki itatsetsereka. Lyson amadziwa zimenezi.

Mwanayu ndi nesi wamkulu kuno ku South Bend, kutsidya kwa nyanja, azungu omwe amamupatsa ulemu. Koma akaweruka, uyo pansi pa galimoto yomuposa zaka.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Waitsitsa giyabokosi ija. Chitsulo cholemera ngati matumba awiri a chimanga, ndipo chinadutsa pamwamba pa chifuwa chake ine ndikuona. Waimasula yonse n'kuyala pa tebulo: timbale topyapyala, timasipuling'i, timipira tachitsulo tonga nandolo. Akuti galimoto iyi imasintha yokha magiya, oilo ndiye amakankha, ndipo timipirato timatseka ndi kutsegula njira za oiloyo. "Kamodzi kakasowa, Amayi, ikhoza kukana giya pakati pa msewu."

Akuti sakungokonza, akuimodifaya kuti izikoka katundu wolemera. Loweruka apita nayo ku Indianapolis kukasamutsa mlongo wake Lucia, amene wapeza nyumba chapafupi pomwepo ku Beech Grove.

"Musakhudze kanthu muno." Ndinamuyankha kuti ine ndinalera ana asanu, sindine khanda logwiragwira.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ndasesa m'galaja iye ali ku ntchito. Pansi pokha. Malo osasesa m'mawa ine sindikhalapo.

Lachisanu, 11 Okutobala

Giyabokosi ija waibwezera, ndipo galimoto wakaiyesa mozungulira nyumba za kuno. Ndinaima pa windo. Ikafuna kusintha giya imachita kudumpha, mutu wake n'kugwedera m'mbuyo. Ndamufunsa, akuti, "Ndi mmene ndimafunira, ikushifta bwino kwambiri." Ndati atenge galimoto ya akazi ake. Waseka. "Bedi ya Lucia ndikaimangirira pa denga ngati minibasi ya ku Ntcheu?"

Chakudya chandikanika.

Loweruka, 12 Okutobala

Apongozi, lembani msanga.

Wanyamuka m'mawa. Ine ndatenga chitenje changa chabuluu kuti ndichape, ndapeza mfundo pa nsonga. Kumasula, kampira kachitsulo. Pamenepo ndi pomwe ndakumbukira. Lachitatu posesa ndinakapeza pansi pa tebulo, ndinakamanga pa chitenje monga timachitira ndi singano kapena batani, kuti ndidzam'patse akaweruka. Anabwera mochedwa, chitenje ndinasintha, zinandichoka.

Ndiye kuti giyabokosi ija waitseka kalibemo. Ali pa msewu waukulu uja, pakati pa zimalole zazitali ngati sitima.

Tamuimbira, foni ingoitana. Apongozi akuti m'galimoto muja muli phokoso, sangamve. Taimbira Lucia, akuti sanafike, ndipo akundifunsa chavuta n'chiyani. Apongozi akuti akaika pansi cholemberachi atenga makiyi. Sananditonze ngakhale ndi maso. Kampira ndakamanganso pomwe kanali.

Lamulungu, 13 Okutobala

Tili ku Beech Grove, kwa Lucia. Za dzulo ndinene mwadongosolo.

Njira yonse ndinkayang'ana m'mbali mwa msewu. Minda ya chimanga chouma, osatha. Galimoto iliyonse yoima, ndinkaiyang'anitsitsa. Titayandikira Kokomo tinaona pikapu m'ngalande, apolisi atayatsa nyali zawo. Ndinatseka maso. Apongozi anati, "Amayi, iyo ndi yoyera, yathu ndi yobiriwira." Ndinawauza abwerezenso.

Yathuyo tinaipeza itaima pakhomo pa Lucia, Lyson ali pamwamba akutsitsa matiresi. "Mwatsata chiyani, kapena mwamva kuti kuno kuli nkhuku?" Ndinamasula mfundo pamaso pa onse n'kumuikira kampira m'dzanja.

Anakhala chete. Anayang'ana kumwamba, milomo ikuyenda, akuwerenga ndi zala zakuda ndi oilo. Kenako anati, "Aka ndinachita kuchotsa dala. Ukafuna kuti izishifta mwamphamvu, kamodzi umakasiya kunja. Kanangogubuduka pa tebulo."

Lucia anaseka mpaka kugwira khoma. "Amayi ayenda mtunda wonsewu kuperekeza nandolo mmodzi." Ine sindinaseke. Ndinamufunsa Lyson chimene anakhalira chete poyamba, ngati anali kudziwa. Akuti amangochita kutsimikiza. Ndinam'bala ndine. Nkhope imene ija anali nayo ali Sitandade 5 atataya mbuzi za agogo ake.

M'mawa uno, ife tikukonzekera za kutchalitchi, ndamuona pa windo atagwada pambali pa galimoto, akusuzumira pansi, akununkhiza oilo pa kansalu. Akuti zonse zili bwino. Mwina zilidi bwino.

Tikubwerera ku South Bend tsopano. Apongozi akuti ndikwere yawo, muli mpando wofewa ndi chotenthetsa. Ndakana. Ndayenda kale msewu uja ndikumufuna m'ngalande, sindibwerezanso. Ndikwera ya Lyson, ikakakana giya, ikakane tili awiri.

Kampira wandibwezera, wati nditaye. Kali pa nsonga ya chitenje.

Uyo akuimba huta. Apongozi, lekezani pomwepo, mundithandize kukwera, chitsulo chopondapo chija n'chachitali.