Dzina la Edmund m'bulawuza

Nabvutika, Chipata

Kwa Keith, mwana wa mlongo wanga,

Pa 14 Malichi 2021 munakopera pa fulashi bulawuza yotsegulira intaneti imene ine ndi malemu mwana wanga Edmund tinapanga tokha kuchokera pa mzere woyamba wa pulogalamuyo. Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Kitwe. Kuno mvula yachedwa.

Tinaipanga kwa zaka zitatu, batani lililonse ndi zenera lililonse, kuti ikhale yopepuka pa makompyuta akale a ku Madzimoyo. Ndamva kuti tsopano mukuigawa m'masukulu mutafufuta dzina la Edmund n'kuikapo lanu.

Komatu simunawerenge mizere yonse. Netiweki ikaduka, bulawuzayo imalembabe mawu amene iye anaikamo pamene ine ndinkaiyesa: "Yadukanso, atate, musakwiye." Dzulo inandiuza zimenezi kanayi. Amake Edmund anatuluka m'nyumba, ine ndinangokhala osakhudza kanthu.

Za maso angawa adokotala anenapo zina, koma tidzakambirana. Zilembo zikuluzikulu ndikuzionabe.

Ndalama zanu sindikuzifuna. Ngongole yanu ndi mzere umodzi wokha, wakuti "Anapanga ndi Edmund Miti." Muubwezeretse ndisanaleke kuwerenga.

Ndine malume anu,
Andireya Miti