Phewa Lamanzere

Lolemba, 3 Febuluwale

Zithunzi za khosi zatuluka. Dokotala wa ku Bethlehem, tauni yoyandikana ndi kwathu kuno, waziimika pawindo, kulozera ndi bolopeni. Mafupa awiri adyana, akupana mtsempha wopita kudzanja lamanja. Ndiye dzanzi lija. Chala chowombera chimakhala ngati cha munthu wina.

Akuti, "Mayi, zaka zonsezi mukugona chafufumimba, mutu utapendekera pathako la mfuti. Mumayembekeza chiyani?" Ndati mendulo. Sanaseke. Mwana wa dzulodzuloyu, ndevu zosakwana n'komwe.

Stoffel duu njira yonse yobwerera. Mwamuna wangayu akati zii ndiye kuti akumanga mlandu. Pamlatho waphulika: leka kuwombera, Mien, usanafe ziwalo. Takangana mpaka pageti. Mapeto ake ndalumbira, dzanja pachifuwa. Pa 1 Malichi kalabu yathu yowombera chandamale ikusankha munthu wachinayi wa timu yopita kumpikisano ku Bloemfontein. Atatu alipo kale. Malo otsalawo tikulimbirana ine ndi mdala wina, Oom Faan. Ndikalephera, mfuti ndigulitsa, nkhani yatha. Ndikapambana, Stoffel atseke pakamwa.

Wavomera msanga kwambiri. Zandipsetsa mtima.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Kwa Dikeledi wa fiziyo, wowongola mafupa ndi mitsempha. Kamtsikana kochepa thupi, koma zala zake abale! Wandigoneka pansi, kundipatsa mtengo wa tsache, akuti, "Tannie, mayi anga, ndionetseni momwe mumawomberera." Ndagona. Posakhalitsa dzanzi ilo, kuyambira paphewa mpaka kuchala.

Kenaka akuti sinthani, pendekerani kumanzere. Ndapendekera. Ndadikira. Ndadikirabe. Dzanzi osabwera.

"Nanga bwanji osawombera ndi phewa linalo?" Wafunsa ngati akufunsa za shuga wa mu tiyi. Ndaseka mpaka misozi. Ine, wa zaka 58? Ndiyambenso kusaina ndi phazi?

Kufika kunyumba, ndagona pakapeti ndi tsache langa. Galu kundinyambita khutu. Stoffel wandilumpha popita kukhitchini, osafunsa kanthu.

Dikeledi wandipatsanso masewera. Kukokera chibwano m'kati ngati nkhuku yodabwa, kangapo patsiku. Ndachita pakauntala kuntchito, mlimi wina wogula mankhwala a nkhosa wandifunsa ngati ndatsamwa.

Loweruka, 8 Febuluwale

Tsiku loyamba kumanzere. Manyazi a chaka chonse ndawadyera pamodzi.

Zonse mozondoka. Jekete langa thonje lake lili kuphewa lolakwika. Ntate Mohapi, bambo amene ndi kapitawo wa kalabu yathu, andibwereka la mkamwini wawo wamanzere, manja ake ofika m'mawondo, fungo la fodya. Lamba wa mfuti kumkono wina. Poika chipolopolo, dzanja likupita komwe kulibe kanthu. Diso lamanja likuumirira ntchito yake, ndalitchinga ndi kachidutswa ka chigubu cha ayisikirimu.

Mamita 600. Stoffel m'dzenje mwake pansi pa chandamale monga Loweruka lililonse, kutsitsa, kumata bowo, kukweza. Sanawomberepo mfuti chibadwire, akuti phokoso lake limakoma ukakhala pansi pake.

Chipolopolo choyamba m'dothi, fumbi kobo. Wailesi ya kudzenje yalankhula anthu onse akumva: "Uzani mkazi wanga kuti chipewa changa sichili pampikisano."

Oom Faan akudziwa kale za lumbiro. Tauni ino ilibe chitseko. Akuti, "Wilmien, mfutiyo muziigoneka bwino, mwezi wamawa ndi ya mdzukulu wanga." Ndati Oom, inu mungoyang'anira mano anuwo asagwere pamkeka. Nkhalamba ya zaka 71, pakamwa ngati wailesi, takhala tikutukwanizana kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda. Tsiku lomwe adzandilankhule mwaulemu ndidzadziwa kuti akudwala.

Mapointi 22 pa 50. Mwana wa sukulu akhoza kundiposa.

Koma tamverani izi. Ndadzuka pamkeka ndekha. Ndapinda mkeka ndekha. Kunyumba ndatsuka tsitsi, manja onse m'mwamba, osaitana munthu. Ndaimba m'bafa mpaka madzi otentha atha. Ndakondwa, ndakondwa zedi.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Uchitsiru. Ndanyamula thumba la mchere wa ng'ombe kuntchito poti anyamata anali kunkhomaliro. Msana wati the! Tsiku lonse woongoka ngati thabwa. Masokosi wandivula ndi Stoffel. Sananene kuti ndinakuuza. Bola akananena, ndikanapeza womukalipira.

Mantha. Osati a ululu ayi. Loweruka lopanda kopita, ndizichita chiyani ine? Kuluka zipewa za tiyipoti ndi azimayi a kumpingo?

Zipolopolo zakweranso mtengo.

Loweruka, 15 Febuluwale

Mvula kuyambira m'mawa, mbendera za mphepo zangomatirira kumitengo. Palibe wawombera. Msana wayamba kumasuka, Dikeledi anaukanda dzulo kwinaku akundikalipira ngati mwana wake.

Pakhonde la kalabu, nyama pamakala. Ntate Mohapi atenga mfuti yanga, kuitembenuza, kuitembenuzanso. Akuti, "Mme Wilmien, vuto n'lakuti mumatsitsa mutu kukafuna mfuti. Mfuti ndiyo izibwera kwa inu." Aika kachitsulo pansi pa poyang'anira kuti pakwere, apala mtengo wa mfutiyo potsamira tsaya lamanzere. Mtima unandipweteka poona tizipalo tikugwa, mfuti imeneyi anandisiyira ndi bambo. Koma nditagona pasimenti kuyesa, mutu chilili ngati ndili m'tchalitchi. Khosi osadandaula.

Ndawapsompsona padazi. Achita manyazi, akuti soseji ikupserera.

Oom Faan akuti tawononga katundu wa mdzukulu wawo, mtengo utsike.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Kadontho kakuda pachitseko cha firiji. Ine chafufumimba m'kanjira ka m'nyumba, mfuti yopanda chipolopolo, kukoka, kukoka, kukoka. Madzulo aliwonse ndikaweruka. Stoffel akafuna mkaka amayamba wakweza manja.

Loweruka, 22 Febuluwale

41! Oom Faan 44, koma lero nthabwala zinachepa. Ndinawaona akusuzumira pakhadi langa.

Chinthu chimene ndinaiwala: kachitsulo kokokera kamazizira m'mawa. Chala chamanzere chakamva. Kuzizira kwake, timizere take, pomwe kamayamba kulimba kasanaphulike. Dzanja lamanja linasiya kundiuza zimenezi kalekale, ndinkangokoka mwa chikhulupiriro. Ndinagona pamenepo kumwetulira ndekha mpaka Ntate Mohapi anafunsa ngati ndikudikira basi.

Mpendadzuwa wa kuseri kwa mulu wadothi wotchinga zipolopolo wachita maluwa munda wonse. Pobwerera tinagula mapichesi pamsewu, ndadya anayi, madzi kutsikira m'zigongono.

Lachisanu, 28 Febuluwale

Mtima suli m'malo. Ndaphika mabisiketi a khofi okwanira ukwati.

Masana ndamupeza Stoffel m'chipinda, zithunzi za khosi zija ataziimika pawindo, akuyang'anitsitsa. Mozondoka. Ndabwerera chakumbuyo asanandione. Munthuyu akufuna ndilephere mawa, ndipo ndi chifukwa chondikonda. Ndimukwiyire bwanji? Ndamukwiyirabe pang'ono.

Loweruka, 1 Malichi

Mayo ine. Ndilembe bwanji?

Mphepo yoipa, yotembenukatembenuka. Zipolopolo khumi aliyense, cholasa pakati mapointi asanu. Ine chandamale nambala 4, chotsitsa Stoffel. Oom Faan pambali panga, nambala 5. Anthu kumbuyo ndi mipando yawo ngati kuli bayisikopo.

Zisanu. Zisanu. Zinayi, mphepo inandinamiza. Kenaka zisanu zokhazokha. Sindinawomberepo chonchi ngakhale ndili mtsikana. Titawombera zisanu ndi zinayi, ine 44, Oom 40. Ndikumva akupumira m'mwamba. Mumtima ndayamba kale kulongedza sutikesi ya ku Bloemfontein, diresi iti, nsapato ziti.

Lamulo loyamba limene bambo anandiphunzitsa: usanakoke, yang'ana nambala. Pakabowo koyang'anira madontho akuda onse ndi ofanana. Ndili kumanja thupi linkadziwa lokha kobwerera ndikaika chipolopolo. Kumanzere mfuti imatsetserekera mbali ina, ndipo mwezi wonse ndakhala ndikuyang'ana nambala ngati mwana wophunzira. Chomaliza chokhachi sindinayang'ane.

Ndinakoka. Choyera, chokoma, ndinadziwa kuti chapita pakati penipeni. Oom nawonso anawombera nthawi yomweyo.

Nambala 4 yatsika, osakwera. Osakwerabe. Kenaka wailesi: "Nambala 4 palibe bowo. Nambala 5 pali mabowo awiri, zitatu ndi zisanu."

Chiseko chinaphulika, anthu kugwa m'mipando.

Wowombera chandamale cha mnzake amalemberedwa ziro. Mwini chandamale, pakapezeka mabowo awiri, amatenga lalikulu. Ine 44. Oom ndi zitatu zawozo akanathera pa 43, ndikanawaposa ngakhale ndi ziro yangayo. Koma atenga zisanu zanga. 45. Ndadzigonjetsa ndekha, ndi chipolopolo chabwino koposa m'moyo wanga!

Oom anavula chipewa, akuti, "Wilmien, zaka zonsezi sindinkadziwa kuti mumandikonda chonchi." Ndinafuna kuwaponyera jombo. Ndinapezeka ndikuseka nawo, chafufumimba pomwepo, nkhope pamkeka.

Belu la ng'ombe la kalabu, limene amavala wolakwitsa chandamale mpaka adzalakwitse wina, lachoka kwa mphunzitsi wa masamu lafika kwa ine. Amaveka m'khosi. Ntate Mohapi akuti khosi ili talivutikira, mumangeni m'chiuno. Ndayenda ngweee ngweee mpaka kugalimoto. Koeksister, timandasi tashuga tija, za Loweruka likudzali ndibweretsanso ndine, ndiwo mwambo.

Stoffel anatuluka m'dzenje nkhope yotuwa. Sanaseke nawo. Anangondigwira dzanja lamanja, kulifinya chala chimodzichimodzi.

Lamulungu, 2 Malichi

Kutchalitchi aliyense akudziwa. Pakhomo abusa akuti amva kuti ndayamba kupereka chachikhumi kwa Oom Faan.

Chiseko chatha tsopano. Lumbiro ndi lumbiro. Ndawaimbira Oom kuti abwere mawa madzulo tiyambe za mapepala ogulitsirana. Angoti chabwino.

Khosi bwinobwino. Ndicho chikundiwawa kwambiri. Nditapeza njira, basi ndizisiya.

Lolemba, 3 Malichi

M'mawa pakhofi Stoffel wayamba yekha, maso m'kapu.

Akuti chipolopolo chakhumi chitapanda kufika anatsitsa chandamale, kupapasa pepala lonse ndi zala. Palibe. M'dzenje suona kanthu za kumtunda, ndipo sutuluka anthu akuwombera. Anaganiza kuti dzanja lafa, ndagwa pamkeka. Phazi linali kale pamakwerero, mnzake wa nambala 5 ndiye anamukoka lamba akukuwa kuti kuno awiri.

Kenaka akuti, "Mien, ukamati sizikupweteka ine ndimangokuyang'ana. Khosi lako ndimalionera papepala. Zaka ziwiri zino ukafika chachisanu ndi chimodzi mabowo amayamba kuthawira pansi, ndimamata ndikudziwa kuti ukulumira mano. Loweruka onse ndikanawavundikira ndi mbale imodzi. Kupatula lomaliza lija, ndinakaliona kwa eni ake."

Wanyamuka, akuti pampu yamadzi ya kwa Van Tonder ikumudikira kuti akaikonze. Za lumbiro sanatchule. Inenso sindinapemphe, sindine wopemphapempha.

Madzulo ano. Mfuti ndaitulutsa, ndaipukuta, ndaipaka mafuta, ili patebulo. Ndakhala pano kulemba kuti manja apeze chochita.

Galimoto ya Oom yaima pageti. Stoffel watuluka yekha, akuti ukhale pomwepo. Windo lili lotsegula.

"Oom, mwawotcha mafuta pachabe. Mfuti sikugulitsidwa. Lumbirolo analumbirira ine, ndipo ine ndalibweza."

Oom akuti nanga mdzukulu wanga?

"Abwere naye Loweruka. Mien amuphunzitse kuwombera chandamale cha eni ake."

Oom akuseka mpaka kutsokomola. Akuti ndiye bwino, ndalama sanabwere nazo n'komwe, angodzera mabisiketi.

Chitsiru cha mwamuna, osandiuza m'mawa muja! Ndikulira, mamina ndi misozi, mafuta a mfuti kumaso. Akubwera onse awiri pakhonde, ketulo sindinatereke. Ndilekeze pano.