Neti ya a Nasitaziya

Lachinayi, ku Mualadzi. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Adotora a ku univesidade ofufuza za malungo anabweranso kudzatenga maneti akale. Akufufuza ngati mankhwala opha udzudzu amakhalabe mu ulusi neti ikakhalitsa. Ine ndimawaperekeza poti makomo ndimawadziwa.

Titafika kwa alamu anga a Nasitaziya, anatulutsa yawo yopinda bwino, ikununkhira sopo. Atangomva dzulo kuti kukubwera alendo, anakaichapa kumtsinje, kuimenyetsa pamwala, n'kuiyanika padzuwa. Mabowo onse anasoka.

Adotora anaigwira n'kuitembenuzatembenuza. Kenako anati, "Mayi, timaifuna ndi litsiro lake lomwe. Yochapayi singatiuze kanthu."

Alamu anati, "Mlendo ndimupatse chinthu chakuda ndi utsi? Akatiyesa anthu otani?"

Onse awiri anandimvetsa chisoni. Mwana wa alamu, Tomasi, amagona m'neti yomweyi koma malungo akungomubwererabwerera. Mwina chifukwa chake chinali mu ulusi umenewu, ndiye chapita ndi madzi.

Mawa ndi ku Nsadzo. Ndatumiza uthenga kuti asachape, koma anthu akwathu ndikuwadziwa ine...