Maso a Msilikali wa Pulasitiki

Okondedwa alamu anga a Zaure,

Kuno ku Almaty tili bwino, maapozi apsa. Achimwene anu a Yerkin akadali pa tizidole tawo ta asilikali tija. Akalakwitsa penti amativiika m'sipiriti n'kumatikwecha ndi mswachi, uku akuimba.

Dzulo ndinawaseka: "Bambo, msilikali yemweyu mukumusambitsanso?"

"Wachoka kunkhondo, akununkha," anatero. Tinaseka mpaka tiyi anazizira.

Kenaka anandipatsa kaburashi kuti maso ndijambule ineyo. Chilowereni m'banja sanandilolepo kukakhudza. Dzanja lawo lamanja limanjenjemera, analibisa pansi pa tebulo, ndipo sindinafunse. Diso lina linakula kuposa linzake, koma iwo akuti msilikaliyo wakongola.

Mukapeza mpata, bwerani chisanu chisanayambe. Musawauze kuti ndakuitanani.

Ine mlamu wanu,
Raushan