Manja a Talaleu

Okondedwa azakhali a Fuatino,

Ndikhulupirira muli bwino ku Auckland konko. Kuno ku Savai'i mitengo ya koko yabereka, ndipo tchalitchi chija tafolera.

Mwana wanga Talaleu anatichititsa manyazi. Akufinya kava, chakumwa cha mizu choti mafumu amwe, manja ake anayamba kugwedezeka okha mpaka kava yense kutayika. Bambo ake anati, "Iwe, ngati n'kuvina ukavinire panja." Tonse tinamukalipira.

Adokotala a ku Apia akuti si mwano ayi, ndi nthenda yochokera ku zilonda za pakhosi zimene ankadwala zija. Mwanayu azibayidwa jakisoni mwezi uliwonse. Adokotalawo anamvetsera pamtima pake nthawi yaitali, kenaka anandifunsa ngati tili ndi achibale ku New Zealand konko, kumene kuli zipatala za mtima.

Kodi m'chipinda chanu chakuseri chija mukugona munthu?

Ndine mwana wanu,
Leitu